Rook ya Ding Liren pa f2

Madzulo ano, pa khonde la mnzanga ku Senga Bay, mwera ukuwomba mpaka kutigwetsera zida pa bolodi kawiri konse, tinabwereza mathero a masewero a chess a nambala 14, pa mpikisano wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse, a pakati pa Ding Liren wa ku China ndi Gukesh wa ku India, amene anachitika ku Singapore mu Disembala 2024, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhale m'malo.

Kupatula mfumu, Ding anatsala ndi zida zitatu zotchedwa rook, bishop ndi pawn, pamene Gukesh anali ndi zomwezo koma mapawn awiri, ndipo akatswiri ankaona kuti palibe apambane. Pa kusuntha kwa nambala 55, Ding anaika rook pa malo a pa bolodi otchedwa f2 kuti asinthane ndi rook ya Gukesh, osaona kuti bishop wake, amene anali pakona pa a8, asowa kothawira Gukesh akamuikira wake pa d5. Zidazo zitachoka, Ding anagonja, ndipo Gukesh, mnyamata wa zaka 18, anatenga ukatswiri wa dziko lonse.

Mnzangayo akuti kunali kuphonya kwa kamphindi chabe, koma ine sindikuvomereza. Vuto linayamba kale, pamene Ding, ali ndi zida zoyera, anasankha kumangosinthanitsa zida, mpaka kupereka pawn, pofuna kuti afanane mphamvu, nkhani ikathere ku masewero othamanga opezera wopambana. Gukesh sanafulumire, anangomuyendetsa uku ndi uku, wotchi ikumudyera Ding nthawi. Chandipweteka n'chakuti titangomaliza kukambirana, ine ndinasewera mwamantha momwemo, ndipo mnzangayo anandigonjetsa tiyi asanazizire.