Ola limodzi pafupi ndi wotchi ya pa boma

Temu ino tinali ndi phunziro la ngozi za pamsewu, ndipo ndinalowa m'kalasi yankho ndili nalo kale. Ndinakulira konkuno ku Mangochi, mlatho wa Bakili Muluzi ndakhala ndikuwoloka pa njinga kuyambira ndili ku pulayimale. Kwa ine olakwa anali odziwika: akabaza. Amakhota osaloza ndi mkono, amatulukira kumbuyo kwa minibasi ngati agwa kumwamba, usiku amayenda opanda nyali. Ndinalemba zonsezi masamba atatu ndi mtima wonse. Aphunzitsi anandibwezera pepala lija atalemba mawu ochepa m'munsi, akuti ndikaime pamsewu ola limodzi, ndikaone malo amene wapanjingayo wapatsidwa kuti adutsemo.

Ndinapsa mtima pang'ono, komabe ndinapita. Ndinasankha kuima pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauni ino ikadali kutchedwa Fort Johnston. Pamenepa pamadutsa aliyense: ochokera ku Liwonde, opita ku Namwera ndi ku Chiponde, obwera kuchipatala, opita kumsika. Ndakhala ndikudutsapo zaka zonsezi, koma kuima chilili n'kungoyang'ana ndinali ndisanachitepo.

Chinandidabwitsa poyamba n'chakuti magalimoto ndi ochepa. Phokoso lawo ndi limene limawachulukitsa. Ukamaika kamzere m'kope pa aliyense wodutsa, tsamba la oyenda pansi ndi apanjinga limadzaza msanga, la magalimoto likadali ndi malo. Koma tala yense wapakati, wosalala uja, ndi wa ochepawo. Ambiriwo amagawana m'mphepete, ndipo m'mphepetemo muli kale eni ake: mchenga umene mvula inakokolola, Sienta yaima kutsitsa munthu, mayi wayala tomato, mnyamata wakhazika mbaula yake ya chimanga chootcha. Ndinaona bambo wina atasenzetsa njinga matumba atatu a makala. Atafika pomwe panaima galimoto analibe kwina kolowera koma pakati pa msewu, ndipo lole imene inkabwera kumbuyo inamuimbira hutala ngati wakuba. Dzulo lake ndikanati bamboyo ndi wosasamala.

Ndinafunsa wakabaza wina amene ankadikira makasitomala pamthunzi chifukwa chake sayenda m'mbali penipeni. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Achimwene, munayamba mwalowa mumchenga mutanyamula munthu pa kaliyala? Tayala lakutsogolo limakana kumvera. Ukagwetsa kasitomala, mawa sakweranso." Ndinangoseka, chifukwa chipsera chimene ndili nacho pachigongono chinabwera mwanjira yomweyo. Ndili Fomu 2 ndinathawira mumchenga lole itandiimbira hutala, ndipo mpaka tsiku limenelo ndinkati ndinagwa chifukwa chosadziwa kupalasa.

Gawo limene landigwira mtima kwambiri ndi la liwiro, mwina chifukwa masamu ake ndi omwe aja tinkaloweza ku sekondale osadziwa ntchito yake. Galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola imayenda mamita 8 ndi pang'ono pa sekondi imodzi. Ikafika pa 60 imayenda pafupifupi mamita 17. M'kalasi tinkatengera kuti dalaivala amatha pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pamene waona mwana akuwoloka kufika pamene phazi lagunda buleki. Ndiye kuti wa pa 60 uja watha kale mamita 17 asanachite kalikonse. Akaponda bulekiyo, mtunda woti aime suchuluka kawiri ayi, umachuluka kanayi, pakuti mphamvu ya chinthu choyenda imakula molingana ndi liwiro ukalichulukitsa ndi liwiro lomwelo. Ndinabwereza masamuwa katatu ndikuganiza kuti ndasokoneza penapake. Madzulo ake ndinayeza mamita 17 ndi mapazi pabwalo la kwathu, ndipo ndinapitirira khitchini mpaka kukafika ku mpanda wa aneba. Amayi anandifunsa ngati ndikufuna kugula malo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Limanenanso kuti liwiro la magalimoto likakwera ndi 1 peresenti yokha, chiopsezo cha ngozi yopha anthu chimakwera ndi 4 peresenti. N'chifukwa chake mayiko atakumana ku Stockholm mu 2020 anagwirizana zolimbikitsa liwiro losapitirira makilomita 30 pa ola m'malo momwe magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi ndi njinga. Nditawerenga zimenezi ndinaganiza za msewu wathu wa ku Liwonde. Utakonzedwa tonse tinakondwera, inenso ndinakondwera, chifukwa ulendo unafupika ndipo maenje aja anatha. Koma maenjewo ndi amene ankagwira madalaivala miyendo. Msewu wosalala umadutsa m'misika ndi pafupi ndi masukulu momwe wakale unkadutsamo, kungoti tsopano galimoto imafika ili ndi mphamvu zonse. Sindikulirira maenje. Ndikungoona kuti mahampu ndi mizere yowolokera ndi mbali ya msewu weniweniwo, monga momwe mabuleki alili mbali ya njinga.

Pali zina zimene ndinatsutsana nazo m'mabuku amene tinapatsidwa. Ambiri analembedwa ndi anthu a ku Ulaya, ndipo amakonda nkhani ya dziko la Netherlands, komwe mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pamsewu, oposa 400 mwa iwo ana, makolo n'kudzuka kuchita zionetsero mpaka boma linayamba kumanga njira zapadera za njinga. Nkhaniyo ndi yabwino, ndipo chimene ndinatolapo n'chakuti nawonso sanabadwe ndi misewu yotetezeka. Koma wapanjinga wa m'mabuku amenewa ndi munthu amene galimoto ali nayo, wangosankha kuisiya kunyumba kuti alimbitse thupi kapena ateteze chilengedwe. Kuno njinga ndi khasu. Imanyamula dengu la usipa m'mamawa, masana wodwala wopita kuchipatala, madzulo malata kapena chitseko chopingasa. Kanjira kopapatiza kamene ndinaona pazithunzi za m'bukumo sikangakwane njinga ya makala ngakhale imodzi, ndiye kulibe zoti wina apitirire mnzake. Ndinanena zimenezi m'kalasi, mnzanga wina wa ku Lilongwe n'kuwonjezera kuti ukajambula mzere wa njinga lero popanda kuganizira ogulitsa malonda, mawa upezapo mabenchi a tomato.

Ananena zoona, ndipo apa ndi pamene mutu unandiuma. Poyamba ndinkafuna kulemba kuti mavenda achotsedwe m'mbali mwa msewu. Koma mayi wa tomato uja sanakhale pamenepo chifukwa chokonda fumbi. Wakhala pomwe anthu amatsikira minibasi. Minibasi imaima pamenepo chifukwa ndi pomwe pali anthu. Wakabaza amadikira pomwepo chifukwa wotsika minibasi ndiye kasitomala wake. Ndipo onsewa mu Okutobala, dzuwa la ku Mangochi likakwiya, amaunjikana pomwe pali mtengo. Ndinazindikira kuti m'mbali mwa msewu ndiye bwalo lathu lalikulu m'tauni muno: msika, depoti, malo ochezera, ngakhale posewerera ana. Lachisanu masana anthu akamatuluka mumzikiti, msewu umasanduka wa oyenda pansi kwa kanthawi, ndipo magalimoto amayenda pang'onopang'ono popanda wapolisi kapena chikwangwani. Madalaivala athu amatha ndithu kuchepetsa liwiro maso awo akawauza kuti pano ndi pa anthu.

Akabaza sindinawachotsere mlandu wonse. Wokwera njinga yamoto wopanda helemeti, atanyamula anthu atatu, akusewera ndi moyo, ndipo zimenezo ndinazisiya m'pepala langa lachiwiri. Koma polemba za nyali ndinachita manyazi, chifukwa njinga yanga yomwe inalibe ngakhale kagalasi konyezimira kumbuyo, ndipo ndimaweruka kukada nditavala jekete lakuda. Dalaivala wa mamita 17 uja angandione liti? Ndinagula nyali yotchaja ndi kagalasi kofiira Loweruka lomwelo. Mng'ono wanga ndinamuphunzitsanso kuti poyenda pansi azikhala kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto, popeza kuno magalimoto amayenda kumanzere. Anandiyankha kuti zimenezo anaphunzira Sitandade 3, koma kumanjako n'kumene kuli dzuwa.

Pepala lachiwiri ndinapereka sabata yatha, ndi mapu ojambula pamanja osonyeza pomwe mchenga wadya msewu, pomwe magalimoto amaima ndi pomwe anthu amawolokera kwenikweni, osati pomwe pali mizere. Labwera ndi malikisi abwinoko, koma m'munsi muli funso lina: ngati ndikuti Sienta isamaime pomwe imaima, ndiionetse pamapupo pomwe iziima, poti okwera ake akavomere kuyenda kukafikapo. Ndayesa malo awiri ndipo onse ali padzuwa. Loweruka ndibwererako ndi kope langa, ulendo uno m'mamawa, nthawi imene njinga za nsomba zimalowa m'tauni.