Nadia wa ku Kocho

Lero maganizo anga ali pa Nadia Murad, mmodzi wa Ayazidi, anthu ochepa a chipembedzo chawochawo amene ambiri amakhala ku Iraq. Mu Ogasiti 2014 zigawenga za ISIS, gulu lodzitcha Boma la Chisilamu, zinasonkhanitsa Ayazidi a m'mudzi wa Kocho ku Iraq pasukulu, amuna kwaokha, akazi kwaokha. Mayi a Nadia ndi alongo ake 6 anaphedwa. Iyeyo, ali ndi zaka 21, anamutengera ku Mosul, kumugulitsa ngati mbuzi, kumugwiririra. Anathawa tsiku limene chitseko chinasiyidwa chosakiya, ndipo amene anamubisa ndi banja la Asilamu. Izi ambiri sazitchula.

Chimene chimandikhudza n'choti sanabise nkhope. Mu Disembala 2015 anakaulula zonse ku United Nations, dzina lake poyera. Mphoto ya Nobel ya mtendere ya 2018 anagawana ndi Dr Denis Mukwege wa ku Congo. Koma Ayazidi ambirimbiri amene anagwidwa chaka chija sanapezekebe mpaka pano.