Tsiku limene ndinakhazika pansi apongozi anga

Bingo wakhala nafe zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nthawi yonseyi anali galu waulemu kuposa anthu ena amene ndimawadziwa. Mlendo akafika ankauwa kawiri, basi, n'kubwerera pamthunzi pake. Ana ankamukoka makutu, iye n'kumangoyasamula. Ndiye mwezi wina zinthu zinangotembenuka. Usiku wayamba kuuwa mpaka mbandakucha. Ukamuitana sakubwera. Aliyense wolowa pageti akumulumphira. Ukati umusisite kumutu akudzuma n'kukuonetsa mano. Galu wamkulu amakhala ndi mano 42, ndipo ine ndinawaona onse, pafupi.

Akazi anga anati tipite naye kwa dokotala wa ziweto. Ndinawafotokozera mofatsa kuti galu wodwala sadya mmene ankadyera Bingo. Ameneyu wangoyamba mwano, ndipo mwano sapita nawo kuchipatala. Ndinachezera pa YouTube mausiku angapo, ndipo pomaliza ndinali katswiri.

Ophunzitsa oyamba amene ndinawapeza ankati galu ndi mdzukulu wa mmbulu, gulu lililonse la mimbulu lili ndi mkulu wake, ndipo galu akayamba mwano ndiye kuti akufuna mpando wako. Uzidya iwe kaye iye akuona. Pakhomo uzituluka patsogolo pake. Zimenezi ndinazigwira ndi manja awiri. Ndinkaimirira pakhonde mbale ili m'manja, kutafuna pang'onopang'ono, maso ali pa Bingo, iyenso maso ali pa ine, mpaka aneba anafunsa akazi anga ngati m'nyumba muno muli bwinobwino. Za pakhomo ndisanene zambiri. Iye ali ndi miyendo inayi, ine iwiri, ndipo khomolo ndi limodzi.

Mwana wathu wamkulu, amene amafufuza chilichonse chimene ndanena kuti apezepo polakwika, ndi amene anandichotsa pa ufumu. Anandiwerengera pafoni kuti mfundo ya mkulu wa gulu inachokera pa mimbulu yosadziwana imene inatsekeredwa pamodzi m'malo osungira nyama. David Mech, katswiri wa mimbulu amene anaifalitsa kwambiri ndi buku lake la mu 1970, analemba yekha mu 1999 kuti kutchire gulu la mimbulu ndi banja chabe: bambo, mayi ndi ana awo.

"Ndiye mimbulu ikukuposani, abambo," anatero akazi anga. "Kwawoko bambo sadyera pakhonde."

Ndinasintha njira, osati chifukwa cha mawu awowo, koma chifukwa katswiri amayenda ndi nthawi. Njira yatsopano inali ya mphotho. Galu akachita chimene ukufuna umamupatsa kachidutswa ka nyama, ndipo khalidwe limene lamubweretsera nyama amalibwereza. B. F. Skinner, katswiri wofufuza za khalidwe, anazionetsa kalekale ndi makoswe ndi nkhunda. Phunziro likhale lalifupi, mphindi zisanu kapena khumi, liwu likhale limodzimodzi nthawi zonse, ndipo galu wamkulu amaphunzira bwinobwino. Koma pali kachinsinsi kamene amakanena mothamanga: mphothoyo ifike pasanathe sekondi imodzi kapena ziwiri, chifukwa galu amaganiza kuti walipidwa pa chimene akuchita nthawi imene nyama yafika pakamwa.

Tsono matumba a thalauza langa ndi akuya. Ndinkati "Khala!" n'kukweza dzanja, Bingo n'kukhala pansi bwinobwino. Ine n'kupisa m'thumba. Mukutuluka makiyi. Mukutuluka kapepala. Bingo watopa, waimirira, wauwa kamodzi, ndiye nyama yapezeka, ine n'kunena "Wachita bwino!" n'kumupatsa. Sabata isanathe galu wanga anali atadziwa phunziro lonse mwadongosolo lake: khala, imirira, uwa, landira. Ankalichita ngakhale ndisanamuuze. Kunena zoona, ndi galu wanzeru, ndipo nzeru zotero sizibwera popanda mphunzitsi.

Usiku nkhani inali ina. Tsiku lina cha m'ma 2 koloko, nditatopa ndi kuuwa, ndinatsegula zenera n'kumuponyera kafupa. Anakhala chete. Ndinagona ndikudzitama. Mawa lake nthawi yomweyo anabwera pansi pa zenera lomwelo n'kuyamba. Ivan Pavlov, wasayansi wa ku Russia uja amene analandira mphotho ya Nobel mu 1904, anadziwika ndi agalu amene ankakha dovu akangomva kaphokoso kamene kankabwera chakudya chisanafike. Kwathu kafukufuku ameneyu anachitika mozondoka. Bingo akangouwa, ine ndinkadzuka, kuvala masilipasi, kupita pafuriji, kutsegula zenera, kubwerera kukagona, zonsezi maso ali chitsinzinire. M'mawa akazi anga ankachita kundiuza kuti ndinadzuka.

Mankhwala ake, malinga ndi akatswiri anzanga, ndi kusiyiratu kulipira. Amachenjezanso kuti ukasiya, khalidwelo limayamba lakula kaye lisanathe, chifukwa galu amaganiza kuti sunamve. Ukapirira kwa nthawi kenako n'kugonja, ndiye wamuphunzitsa kuti wolimbikira amadya. Nkhunda za Skinner zimene zinkalandira mphotho mwa apo ndi apo ndi zimene sizinkasiya msanga kujompha. Ine ndinapirira ndithu. Ndinapirira mpaka aneba anayatsa magetsi n'kuyamba kutsokomola mokweza kuseri kwa mpanda. Kenako ndinapita pafuriji.

Zili choncho, uthenga unafika wakuti apongozi anga aamuna akubwera Loweruka. Ndi munthu wachikulire, wolankhula pang'ono, amene chikwatireni mwana wawo sindinawaonepo akuseka nthabwala yanga. Akazi anga anati Bingo timumange kuseri. Ndinakana. Galu wophunzira samangidwa, ndipo ndinkafuna apongozi aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wolamulira nyumba yake. Ndinavala thalauza langa labwino, ndipo popeza ndinali nditaphunzirapo kanthu pa nkhani ya nthawi, ndinachotsa makiyi n'kudzaza nyama yokhayokha m'thumba lakumanja.

Chimene mavidiyo ananena, ine n'kuchidumpha, n'chakuti galu amene waphunzira kukhala pansi kukhitchini sadziwa kuti lamulolo limagwiranso ntchito pageti. Pamafunika kumuphunzitsa malo osiyanasiyana, zosokoneza n'kumazionjezera pang'onopang'ono. Ife pageti tinali tisanayesepo.

Apongozi analowa ndi ndodo yawo, jekete atamanga mabatani onse. Ndinanyamuka kukawalandira. Ndili pafupi nawo, ndinaona Bingo akutulukira kuseri kwawo, liwiro lili la mtondo wadooka. Apongozi sankamuona. Ndinakweza dzanja, maso ali mbali yawoyo, n'kukuwa ndi mawu anga onse:

"Khala! Khala pansi, iwe!"

Apongozi anandiyang'ana. Anayang'ana mwana wawo pakhonde. Kenako, mwaulemu wonse, anaika ndodo pambali n'kukhala pa njerwa zozungulira maluwa.

Zimene zinatsatira si ine ndinachita, ndi dzanja. Dzanja limeneli linali litaphunzitsidwa kwa masabata kuti wina akakhala pansi lisachedwe. Linapisa m'thumba, linatuluka ndi kachidutswa ka nyama, pakamwa n'kunena "Wachita bwino!", ndipo ndinazindikira ndili chiweramire, nyama ili pafupi ndi ndevu za bambo wobereka akazi anga. Pasanathe masekondi awiri. Skinner akanakhalapo akanandiombera m'manja.

Bingo ataona malipiro ake akupita kwa mlendo, anaiwala zolumphira munthu. Anakhala, anaimirira, anauwa, ndipo poona kuti palibe chikubwera anaganiza zokatenga yekha kumene zimachokera. Anagwira thumba. Ine ndinakoka, iye anakoka, ndipo thalauza linasankha mbali ya galu. Linang'ambika kuchokera m'chiuno mpaka pabondo. Nyama inamwazika pa nsapato za apongozi. Pakhonde panamveka kaphokoso kamene akazi anga mpaka lero amati kanali chifuwa.

Ndinayamba kupepesa, dzanja limodzi litagwira nsalu yotsala. "Bambo, pepani, sindimanena inu, ndimanena..."

Anakweza chala kuti ndikhale chete. Iwo sankayang'ana ine. Pamene anakhalapo mutu wa Bingo unali pafupi ndi mawondo awo, ndipo ankaonetsetsa galuyo akutola nyama, mutu atapendeketsa kumanzere, kenako n'kuima kuti akande khutu ndi mwendo wakumbuyo. Ananunkhiza.

"Mkamwini, khutu la galuyu mwalimva fungo?"

Ndinati ayi, bambo.

"Lawola ili. Galu wamkota sakandira pachabe."

Lolemba tinali kwa dokotala wa ziweto, akazi anga ali chete, chete wake woti ukhoza kumumva uli panja. Dokotala anaunika ndi kachipangizo kowala, ndipo khutu lakumanzere linali lofiira, lotupa, lodzaza zonyansa zakuda zonunkha. Anati matenda a m'khutu amavuta kwambiri agalu a makutu ogwa, chifukwa mkati simupita mpweya ndipo chinyezi chimasunga tizilombo. Khutu likatupa galu samva bwino, ndipo dzanja likamapita kumutu amadziwa kuti ululu ukubwera. Anati galu wamkulu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, poyambira ndi m'thupi: makutu, mano, mafupa olumikizana, chikhodzodzo, maso. Maphunziro amabwera pambuyo. Ananenanso kuti galu wodzuma osamumenya, chifukwa kudzumako ndi chenjezo, ndipo ukamuletsa kuchenjeza tsiku lina adzangoluma.

Ndinamuuza kuti komabe "Khala" ndinamuphunzitsa ndine. Anati mwina ankatsatira dzanja, popeza agalu amagwira msanga zizindikiro za manja kuposa mawu, makamaka khutu likakhala chonchi. Ndiye kuti kukuwa konse kuja, amene ankamva anali aneba ndi apongozi.

Anatsuka khutulo, anatipatsa mankhwala odontheza, n'kutionetsa mmene tingafikisire m'munsi mwa khutu kuti alowe, n'kutiletsa kutokosamo ndi timitengo ta thonje. Patapita masabata ochepa Bingo anabwerera mwakale. Kudzuma kunatha, ukamuitana akubwera, ana akumugwiranso kumutu. Zinatsala ndi ziwiri zokha zimene dokotala anati si za khutu: kuuwa pansi pa zenera 2 koloko, ndi kuja kwa khala, imirira, uwa. Zimenezo tikuzichotsa pang'onopang'ono, ndipo udindo wa nyama unapita kwa akazi anga, amene amaisunga m'kachikwama kopachika m'chiuno ndipo dzanja lawo ndi lachangu. Ine ndinapatsidwa ntchito yogona chigonere galu akauwa, ndipo furiji usiku amaimanga ndi chingwe.

Apongozi anabweranso mwezi watha. Bingo anawalandira mwaulemu, mchira ukugwedezeka. Tinalowa m'nyumba, ndinawasonyeza mpando wabwino, koma iwo anaima chiimire pambali pake, ndodo ili m'manja, nkhope ili gwa.

"Bambo, khalani pansi," ndinatero.

"Ndikhala, mkamwini," anatero. "Koma ndione kaye za m'thumbazo."