Bream ya ku Chivero imene inandisowetsa tulo miyezi isanu

Usiku wathawu ndagona tulo tabwino koyamba kuchokera mwezi wa Marichi, ndipo zimene zandigonetsa ndi nkhono. Ndikufuna ndilembe msanga mmene nkhaniyi inandilowera m'mutu, chifukwa ndikudziwa kuti alipo anzanga a masters amene akulimbana ndi manambala a δ15N, muyeso wa nayitirojeni wolemera (15N) amene ali mu mnofu wa chamoyo, monga ndinkachitira ine.

Zotsatira za masampulo anga zitabwera kuchokera ku labu ya ku South Africa, ndinatsegula fayilo ndi chimwemwe, koma pasanathe ola limodzi ndinali kakasi. Nile tilapia ya ku Lake Chivero kufupi ndi Harare, nsomba imene kuno ku Zimbabwe aliyense amangoiti bream, inali ndi δ15N yokwera kuposa tigerfish ya ku nyanja ya Kariba. Tigerfish yeniyeni, ya mano ngati misomali, imene ntchito yake ndi kuthamangitsa kapenta. Pamene bream zija ndinazitumbula ndi manja angawa, ndipo m'matumbo mwake munali phala lobiriwira la ndere basi. Ndinaloweza m'kalasi kuti nayitirojeni wolemera amakwera ndi pafupifupi 3.4‰ (magawo 3.4 pa chikwi) chamoyo chikadya chinzake, kotero wa nambala yaikulu ndiye wapamwamba. Manambala anga ankanena kuti wodya ndere ali pamwamba pa wodya nsomba.

Ndinayamba ndi kukayikira manja anga. Ndinabwerera ku buku la kumunda katatu kukaona ngati ndinasokoneza malebulo. Kenako ndinakumbukira kuti magetsi anazima masiku awiri masampulo ali mufiriji, ndiye ndinati mwina mnofu unayamba kuwola. Ndinatenga tizidutswa totsala, ndikuumitsanso pa 60°C, kusinja, kuyeza kulemera kwake, kukulunga m'timakapusulo, koma ndalama zotumizira kachiwiri panalibe. Miyezi isanu ndakhala ndikuyang'ana tebulo lomwelo, osayerekeza kulionetsa aliyense.

Nsomba zinandilowa kudzera mwa agogo anga aakazi. Iwo anabadwira kufupi ndi Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo anabwera kuno potsatira agogo aamuna amene ankagwira ntchito pa famu ya fodya, asanakhazikike ku Mbare. Ndili mwana ankandituma ku Musika kukagula matemba, ndipo nthawi zonse ndikabwera nawo ankapukusa mutu. "Mdzukulu wanga, awa si matemba. Matemba ali ku Chilwa. Awa ndi alendo." Ankanena zoona kuposa mmene ankaganizira, pakuti chimene anthu kuno amachitcha matemba ndi kapenta, Limnothrissa miodon, amene anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kuthiridwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968. Digiri yanga yoyamba inali ya biology, ndipo pulojekiti ya chaka chomaliza ndinaichita pa zimene milamba ya ku Chivero imadya. Ndinatumbula milamba mpaka fungo lake linakhazikika m'zala. Theka la mimbazo zinali zopanda kanthu, zina zinali ndi matope osadziwika chiyambi chake. N'chifukwa chake nditamva za ma isotope, mitundu yopepuka ndi yolemera ya chinthu chimodzi monga nayitirojeni, imene imaonetsa zimene nyama yakhala ikudya, ndinawathamangira.

Tsono sabata yatha ndinapita ku Kariba kukatenga masampulo omaliza. Amene munayendapo msewu umenewu mukudziwa mmene basi imatsikira ikangokhota pa Makuti, makutu kutsekeka, kutentha kukulandira. Pafupi nane panali bambo wina wachikulire, mmisiri womanga nyumba, amene anandimva ndikuyankha foni m'Chichewa n'kuyamba kucheza nane, kwawo kwa makolo ake ndi ku Dedza. Ankandifotokozera za nyumba imene anamanga pamalo otsetsereka, ndipo anati, "Mwana wanga, khoma sitiliyeza kuchokera paliponse ayi. Timaliyeza kuchokera pa maziko ake." Ndinavomera mwaulemu kuti inde bambo, koma mutu unali utachoka kale m'basimo. Harare ili pa mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene madzi a Kariba safika ngakhale pa mamita 500. Mwana woima m'mbali mwa Chivero ali pamwamba kuposa munthu wamtali woima pa doko la Kariba, koma zimenezo sizikunena kanthu za msinkhu wa mwanayo. Zikunena za nthaka imene waimapo.

Bream yanga inaima pa nthaka yokwera. Nkhani yonse inali imeneyo.

Chivero inamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndipo mzinda wathu uli kumtunda kwa nyanja imene umamwamo. Mukuvisi ndi Marimba zimatsika ndi zonyansa za m'zimbudzi za Harare, Nyatsime imabweretsa za ku Chitungwiza. Madzi oterewa akamayenda, amoniya amauluka ndipo mabakiteriya amatulutsa nayitirojeni wina kupita m'mlengalenga, ndipo wochokayo amakhala makamaka wopepuka uja, 14N. Wotsala m'madzimo ndi wolemera, kawirikawiri pakati pa 10‰ ndi 20‰. Ndere zimamwa ameneyo. Choncho chamoyo choyambirira penipeni mu Chivero chimayamba kale ndi nambala imene nsomba yodya zinzake ku Kariba mwina siingaifike, chifukwa kumeneko madzi alibe suweji yochuluka chotero. Ine ndinkafanizira denga la nyumba ina ndi zenera la nyumba ina, osayang'ana pamene nyumba iliyonse yakhala.

Chimene chikundipweteka pang'ono n'chakuti baseline, nambala ya zamoyo zapansi imene timayezerapo zina zonse, ndinkaidziwa. Ndinalembapo mawu amenewa pa mayeso. Wasayansi David Post analongosola zonsezi mu 2002, ndipo Cabana ndi Rasmussen anali ataonetsa kale mu 1996 kuti δ15N ya zamoyo zapansi imakwera kumene kuli anthu ambiri m'dera lothira madzi m'nyanjayo. Nzeru yake ndi yoti utenge chamoyo chimene ukudziwa bwino kuti chimadya zomera zokha, chokhala moyo wautali ndipo chosayendayenda, monga nkhono kapena mussel (kanyama ka m'madzi ka zigoba ziwiri), uchiike pa sitepe 2 (sitepe 1 ndi ya zomera), ndiye nsomba uziiyeza kuchokera pamenepo. Uchotse δ15N ya nkhono pa ya nsomba, ugawe ndi 3.4, uwonjezere 2. Tiyerekeze kuti m'nyanja ina nkhono ili pa 15 ndipo nsomba ili pa 16, nsombayo ili pa sitepe 2.3 basi. M'nyanja ina nkhono ili pa 5 ndipo nsomba ili pa 12, imeneyo yadutsa sitepe 4. Ya 16 ili pansi pa ya 12. Masamu ake ndi a ku sekondale, koma ine ndinkaona baseline ngati kachinthu kokonzera zotsatira kumapeto, ngati kuthira mchere ndiwo zitapsa. Sindinaone kuti popanda iyo palibe chimene ndayeza.

Ndipo nkhono ndinali nazo. Ndinazitola m'malo onse awiri chifukwa fomu ya kumunda inkatero, zinapita ku labu limodzi ndi nsomba, ndipo manambala ake anali pa tsamba lachitatu la fayilo lomwelo, pamene sindinkafikapo. Nditabwerako ku Kariba ndinawerengera usiku womwewo pa tochi ya foni. Bream inatsikira kufupi ndi odya zomera, tigerfish inakwera pamwamba, milamba inakhala pakatikati mobalalika monga zimayenera kukhalira ndi nsomba yodya chilichonse. Ndinakhala phee kwa nthawi, kenako ndinakadzutsa mchemwali wanga kumuonetsa, ngakhale iye ndi wa zowerengera ndalama.

Ndikubwerezabwereza mfundoyi chifukwa yasintha mmene ndimaonera food web yonse, ukonde woonetsa chimene chamoyo chilichonse chimadya. Ndinkaganiza kuti trophic position, sitepe imene nsomba ilipo mu ukondewo, ndi chinthu chimene nsomba ili nacho m'thupi, ngati mamba kapena utali. Si choncho. Ndi mtunda wa pakati pa nsombayo ndi pamene chakudya chimayambira m'madzi ake omwewo. Ukaichotsa m'madzi ake n'kuiika patebulo limodzi ndi nsomba ya kwina, nambala ija ilibenso tanthauzo. Ngakhale mu Chivero momwemo, kumene Marimba imathira si chimodzimodzi ndi kufupi ndi khoma la damu, ndiye pafunika nkhono za malo alionse. Ukonde umenewu sitingaujambule kuyambira kumwamba.

Apa ndiye ndili ndi dandaulo ndi mmene tinaphunzitsidwira. Tinaphunzira za Lindeman ndi kanyanja kake ka Cedar Bog ku Minnesota mu 1942. Tinaphunzira za Robert Paine amene anachotsa starfish, nyama yodya zinzake, pamiyala ya kugombe la Washington, mitundu ya zamoyo n'kutsika kuchoka pa 15 kufika pa 8. Ndi ntchito zabwino ndipo ndimazilemekeza. Koma ma isotope tinawadutsa pa phunziro limodzi la mphindi makumi asanu, 3.4 atalembedwa pabolodi ndi mzere kunsi kwake, ndipo palibe anatiuza kuti nyanja imene ili pa mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera m'kalasimo ingaphwanye nambala imeneyi m'maso mwathu. Wondiyang'anira ndi munthu wodziwa zinthu, koma ali ndi ophunzira ambiri mwakuti kumupeza kumatenga masabata atatu, ndipo ukamupeza uli ndi mphindi khumi. Akanaona tebulo langa mu Epulo akanandifunsa funso limodzi lokha, nkhono zako zili kuti? Komanso ine ndinachita manyazi kulionetsa, poopa kumva kuti ndaononga ndalama za pulojekiti. Sitiphunzitsidwa kubweretsa zotsatira zooneka zolakwika, timangobweretsa zimene zakhala kale bwino.

Ngakhale zili choncho, panopa sindikufunanso kumva za kutumbula mimba. Mimba imakuuza zimene nsomba yameza m'mawa umenewo, ndipo ngati yasanza muukonde ndiye kuti wataya tsiku. Imakuonetsa zolimba, zigoba ndi mafupa, zofewa zitasungunuka kale. Mnofu wa pamsana umasunga zakudya za miyezi ingapo, chiwindi cha masabata ochepa, ndipo umanena zimene zinalowadi m'thupi osati zongodutsa. Miligalamu imodzi yokha ya ufa wa mnofu ikukwanira. Ukawonjezera δ13C, muyeso wa kaboni wolemera, imene imasintha pang'ono chabe chamoyo chikadyedwa, umaona ngati chakudyacho chinachokera m'mbali mwa nyanja kapena pakati. Mnzanga wina amati ma isotope sangakuuze dzina la chodyedwacho ndipo pafunika njira zonse ziwiri. Ndikumumva, koma nditapatsidwa ndalama lero zonse ndingaziike ku labu.

Taganizani za Kariba. Damu linatsekedwa kumapeto kwa 1958, ndipo pakati pa nyanja yatsopanoyo panalibe nsomba yodya zooplankton, tizilombo tating'onoting'ono toyandama m'madzi, chifukwa nsomba za mu Zambezi zinazolowera mtsinje. Kapenta atabwera anatsegula njira yatsopano yochokera ku tizilombo ta pakati pa nyanja kukafika kwa tigerfish. Kenako Nile tilapia inathawa m'malo oweteramo nsomba n'kupanikiza bream ya komweko, Oreochromis mortimeri, ndipo tsopano kuli redclaw crayfish, nyama yonga nkhanu yochokera ku Australia. Mlendo aliyense wasuntha mzere wina mu ukondewo. Ndimalota kutenga mamba a nsomba zakale zosungidwa m'mabotolo n'kuyeza mmene tigerfish inasunthira zaka zonsezi. Ndimaganizanso za kwathu kwa makolo, ku nyanja ya Malawi, kumene mphutsi za nkhungu ndi usipa zimadalira zooplankton zomwezo, ndipo anthu amadya zonse ziwiri. Agogo akanakonda kumva zimenezo.

Koma nthawi yanga ya masters yatsala miyezi inayi, ndipo isanu ndaithera pa tsamba lolakwika.

Ndipo mtima sunakhazikike kwenikweni. Nkhono zanga zimadya ndere za pamiyala ndi pa mizu ya namasupuni m'mbali mwa nyanja, pamene bream imasefa madzi obiriwira a pakati, odzadza ndi Microcystis, mtundu wa cyanobacteria, ndere zimene zimatha kutulutsa poizoni. Kodi nkhonozo ndi maziko a nyumba imene bream yaimamo, kapena a nyumba yoyandikana nayo? Mussel ikanathandiza, koma m'malo amene ndinafika mu Chivero sindinaipeze. Nayo 3.4 ija ndi avereji chabe, Post mwiniwake anaonetsa kuti imasiyana ndi pafupifupi 1‰ uku ndi uku, ndipo pa nsomba yodya ndere m'madzi ofunda sindingalumbire kuti ndi yomweyo. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa ku paki ya Chivero zitamwa madzi a cyanobacteria, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi nkhwazi. Ndikaganiza za nkhwazizo ndimafuna kudziwa ngati ndere zimenezi zimakweradi mu ukonde kudzera mwa bream, kapena zambiri zimangomira n'kudyedwa ndi mabakiteriya m'matope, bream n'kumadya matopewo. Njira ziwirizi zingapereke manambala ofanana pa tebulo langa. Lachinayi ndikakumana ndi wondiyang'anira, ndipo ndikatenga tsamba lachitatu lija, koma funso la matopeli sindikudziwa ngati masampulo amene ndili nawo angaliyankhe, kapena ndiyenera kubwereranso ku nyanja mvula isanayambe.