Usiku umene apongozi anandiwaza mchere

Anyamata, nkhaniyi yafika ku Kabwata itamera kale nyanga ndi mchira, ndiye imvani kwa mwini wake. Sindinalume munthu. Sindinauluke. Ndinangogwada.

Vuto linali tebulo. Kwa apongozi ku Chilenje soketi ya inveta ili pabalaza pokha, choncho anandiyalira matiresi pansi, ine n'kuika makina anga a CPAP, opopera mpweya m'mphuno kudzera m'paipi ndi masiki kuti ndizipuma bwino m'tulo, pa tebulo la TV. Ndikudziwa. Makinawa amafunika kukhala m'munsi mwa mutu, ndipo ndine ndemwe ndimalalikira zimenezi kwa ena. Koma chingwe chinali chachifupi.

M'makinamo muli kathanki kamene kamafunditsa madzi a distilled kuti mpweya usaumitse mphuno. Poopa kuuma kwa June ndinakweza chinyezi mpaka pa 8, pamapeto penipeni, ngakhale kuti chotenthetseracho chimadya batire ngati mlendo wa pa ukwati. Mpweya wofunda ukamadutsa m'paipi yozizira ya mamita 1.8, nthunzi imasanduka mame, madonthowo n'kumatsetserekera kumene kuli kotsika. Usiku umenewo kotsika kunali mphuno yanga.

Cha m'ma 03:00 paipi inayamba kubwata ngati phala. Ndinalota basi ya ku Chipata yagwera mu Luangwa. Ndinadzambatuka madzi akuthamangira m'mphuno ndi mphamvu yonse ya presha ya makinawo, malamba ali kumutu, paipi ikulendewera ngati chitamba cha njovu, kanyale ka makina kakundiwalitsa theka la nkhope. Nthawi yomweyo chitseko chinati kwee, apongozi atulukira ndi tochi. Anagona msanga, makinawa anali asanawaonepo.

Tsono mundiuze, mkamwini woleredwa bwino, wovala kabudula yekha, amatani? Amagwada. Manja amene akanadina batani lozimitsira anali pa ntchito yowomba ulemu.

Masiki yanga ndi ya mphuno yokha. Ukatsegula pakamwa makina akuyenda, mpweya umalowera kumphuno n'kutulukira kukamwa osakupempha, ndipo makinawo akaona kuti mpweya ukuthawa amapopa kwambiri kuti presha isatsike. Ndinati ndinene kuti “Pepani amayi, ndine.” Chimene chinatuluka ndi “Fffhaaa.” Ndinayesanso mwaulemu woposa, mutu nditaweramitsa. “Fffhaaa-gududu.” Kuwerama kuja kunatsitsanso madzi ena. Milomo ikupepheruka ngati chitenje pa chingwe, masaya akufufuma, manja akuwombabe, phu, phu, phu. Pa koloko anali masekondi 20 kapena 30, koma kwa ine mpaka lero ndikadali chigwadire pamenepo.

Apongozi sanakuwe msanga. Anandiunika bwinobwino kuyambira kumutu mpaka m'maondo, anabwerera chafutambuyo kukhitchini, n'kubwera ndi mbale ya mchere. “Moto wa Yesu! Bwerera kumene wachokera!” Dzanja loyamba linandipeza m'maso. Lachiwiri anaponyera makina, poti anaona kuti mzimu weniweni uli mmenemo.

Mayi a kunyumba anatuluka, anadutsa pakati pathu osalankhula, n'kudina batani. Zii. “Abambo, batani ndi ili, lalikululi.”

Sekani, koma kumbukirani kuti apongozi omwewa ndi amene anadandaula pa Khirisimasi kuti mkonono wanga umagwedeza malata. Atandiyeza tulo anapeza AHI ya 38, kutanthauza kuti pa ola lililonse kupuma kumaima kapena kuchepa ka 38, ulendo uliwonse masekondi 10 kapena kuposa, chifukwa lilime ndi minofu ya kummero zimalefuka n'kutseka njira. Kuyambira pa 30 madokotala amati ndi matenda aakulu. Mpweya wa makinawa umangogwira njirayo kuti isafwafwanyike, ndipo nambala yanga tsopano sifika pa 3. Colin Sullivan, amene anayambitsa njirayi ku Sydney mu 1980, anagwiritsa ntchito mota ya vacuum cleaner. Iyeyo ndiye akanamaliza thumba lonse la mchere.

Ndipo iwe amene unati ndimate timabowo ta pa masiki ndi selotepi kuti phokoso lithe, usadzauzenso munthu zimenezo. Timabowoto ndi potulukira mpweya umene wapuma kale. Ukatseka, ukupumanso womwewo.

Usiku wotsatira makina anatsikira pansi, pa kabuku, chinyezi pa 4, paipi nditaiveka masokosi akale odula kuphazi n'kuilowetsa m'bulangete. Sipanagwe dontho. Fyuluta yokha ndiyo ndinasintha, inali itadzaza mchere.

Apongozi anapepesa kudzera mwa mwana wawo, monga mwa mwambo. Anawonjezanso kuti mchere watha m'nyumba. Ndinakagula.