Mavu mu mtengo wa mango

Abale anga, dzulo ndinakumana nazo kuno ku Chinamwali. Ndimati ndithyole mango kuseri kwa nyumba, osadziwa kuti mavu amanga chisa panthambi, chachikulu ngati mbale ya ndiwo. Anandiluma katatu kumaso, pano tsaya latupa ngati ndabisa chigumu mkamwa. Paja mavu sali ngati njuchi, mbola yawo sithothoka, ndiye limodzi lomwelo limakubwereza.

Agogo amati tiyatse muuni. Ndi kutentha kwa Novembala kuno, mpanda wa udzu uli pomwepo? Ndinakana. Tinadikira kuti kude, onse atabwerera pachisa, achimwene atavala jekete n'kudzifunda kumutu anapopera Doom, chisa n'kugwetsera m'thumba.

Ofuna mango bwerani mudzathyole nokha, ine ndayamba ndapuma.