Sabata yophunzitsa za Jumbe kwawo kwa Jumbe

Mutu wa mbiri ya Chisilamu m'Malawi ukafika, ine ndimakonzekera kuposa mitu ina yonse. Kuno ku Nkhotakota si nkhani ya m'buku chabe. M'kalasi langa la Fomu 3 muli ana amene makolo awo akale anabwera ndi Jumbe, mulinso ena amene abale awo anagwidwa ndi anthu a Jumbe, ndipo onsewa amabwerekana bolopeni pa desiki imodzi.

Lolemba ndinayamba ndi Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili amene anafika kuno cha m'ma 1840 n'kukhazikika pakati pa Achewa a m'mbali mwa nyanja. Iyeyu ndiye woyamba mwa mafumu a Chiswahili otchedwa Jumbe amene analamulira kuno. Zombo zake zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya lija, kuchoka uko ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, doko la kunyanja yamchere m'dziko limene lero ndi Tanzania. Choko chidakali m'manja, mnyamata wina wa kumbuyo anakweza mkono.

"Aphunzitsi, ndiye kuti Chisilamu chinangobwera ndi ukapolo basi?"

Kalasi lonse zii. Mtsikana wina wovala hijabu anawerama n'kuyamba kukanda chikuto cha kope lake ndi chikhadabo.

Funso limeneli sindilizemba, chifukwa ana amadziwa mphunzitsi akamabisa. Ndinavomera kuti amalonda omwewo ndiwo anamanga mzikiti woyamba kuno. Kenako ndinawauza kuti ayang'anitsitse zaka. M'ma 1890 Angerezi anachotsa Jumbe womaliza n'kumutumiza ku Zanzibar, ndipo pofika 1895 asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda panthawiyo, anali atagonjetsa mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Jalasi. Malonda a anthu anatha. Chipembedzo chikanakhala chodalira malondawo, chikanafera pomwepo. Koma zaka zotsatirazo ndi pamene chinafala kwambiri, mashehe ngati Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje akuyenda mudzi ndi mudzi kuphunzitsa Korani, anyamata n'kumalowa Chisilamu kudzera ku jando. Mtsikana uja anayamba kulemba.

Lachiwiri linapita ndi msonkhano wa aphunzitsi, sindinalowe m'kalasi.

Tsiku limene ndimaliyembekezera ndi Lachitatu. Tinayenda wapansi, dzuwa likuswa mtengo, kukaona mkuyu umene uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pamene anthu amati David Livingstone anakambirana ndi Jumbe m'ma 1860 zoti asiye kugulitsa anthu. Jumbe sanasiye. Ana ambiri amadutsa pamtengowu pa kabaza osaucheukira n'komwe, koma tsikuli anaima n'kuwerenga chikwangwani liwu ndi liwu. Titatsetserekera kumene kuli mzikiti wakale ndi manda a Ajumbe, tinapeza bambo wina wachikulire atakhala pa mkeka, tasibihi m'manja, mpunga utayanikidwa pambali pake. Ndinagwada n'kupereka moni, n'kupempha kuti alankhule ndi anawo.

"Ana anga, ine bambo anga anandikaniza sukulu," anatero. "Ankati ukapita kwa amishoni ukabwerako ndi dzina lina. Ndiye ndinangophunzira ku madarasa. Inu mwapeza zonse ziwiri, musataye ngakhale chimodzi."

Mawu amenewa anafotokoza zimene ine ndimavutika kuzilongosola pabolodi. Nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mipingo, monga mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA imene inakhazikika kuno m'ma 1890, ndipo makolo achisilamu ankaopa kuti ana awo akabatizidwa. Mantha awo anali omveka. Koma mtengo wake unali wowawa, chifukwa mibadwo yathunthu inatsalira pa ntchito za m'boma ndi za m'maofesi, ndipo bala limenelo m'madera ena a kunyanja silinapolebe. Zimandipweteka ndikamva munthu akunena kuti Asilamu sakonda sukulu, osafunsa kumene zinachokera.

Lachinayi tinalowa m'manambala. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 9.9 miliyoni m'dziko muno, Asilamu ali 12.8 pa 100 alionse. Wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, Asilamu ali 13.8 pa 100 alionse. Ndinawauza kuti awerengere okha. Anapeza kuti chiwerengero chachoka pa 1.3 miliyoni kufika pa 2.4 miliyoni, ena n'kuyamba kuwomba m'manja, ena kudabwa. Ndinawafunsa kuti nanga dziko lonse lakula bwanji pa zaka 20 zomwezo. Apa m'pamene anaona kuti gawo lalikulu la kukulako ndi ana obadwa, monga zilili kwa Amalawi onse, makamaka ku Mangochi ndi Machinga kumene Asilamu ndiwo ochuluka. Mwana wina anati kumzikiti kwawo amamva kuti Asilamu ndi ambiri kuposa pamenepo. N'zoona kuti atsogoleri ena achisilamu amatsutsa manambala a kalembera, ndipo ndinamuuza kuti pamayeso atchule zonse ziwiri ndi kumene chilichonse chachokera.

Lachisanu nthawi inatithera pa 1994, chaka chimene Bakili Muluzi anakhala Msilamu woyamba kulamulira dziko lino. Belu litalira, anyamata opita ku swala ya Ijumaa anatuluka mothamanga, ine ndikuwakuwira ntchito ya kunyumba: aliyense akafunse agogo ake kuti m'banja mwawo woyamba kulowa mumzikiti kapena m'tchalitchi anali ndani, ndipo chinamukoka n'chiyani. Mayankho ndikulandira Lolemba.